Makhadi Awiri ndi Mwendo wa Amayi

Usiku wathawu ndalota maloto oti ndikanakhala wokhulupirira za asing'anga, bwenzi pano ndili pamkeka ndikuombeza. Khalani pansi nonse awiri. Iwe Ganizani siya kugwiragwira kompyutayo, waiwononga mokwanira. Iwenso Chifuniro tseka pakamwapo, lero wolankhula ndine. M'malotomo nonse munalimo, ndipo munandinyansa ndendende mmene mwakhala mukundinyansira sabata yonse ino.

Muyambe mwamva chimene chikundidya, chifukwa inu mwakhala mukuyesa kuti nkhaniyi ndi ya mpikisano wa makhadi anu. Loweruka likubwerali tili ndi mwambo wa chiliza cha amayi kwathu ku Linthipe. Azakhali anga aNachisale, amene pamtundu pathu palibe amawatsutsa, analamula kuti tikachoka kumanda anthu akaonere kanema wa amayi akuvina pa chinkhoswe cha mlongo wanga Tiyamike. Kanema amene muli amayi ndi yekhayo, ndipo anajambula ndine. Penapake m'kanemamo amayi amabwera akuvina mpaka pamaso pa kamera, nkhope ili ngwee, n'kunena kuti, "Sautso, tasiya chinthucho udzavine ndi mayi ako." Kenako pamamveka mawu anga, okalipa, omveka bwino kuposa ng'oma: "Amayi, tachokani kutsogoloku, mukunditchinga." Patangotha miyezi itatu tinawaika m'manda.

Masekondi khumi okha, amwene. Kudula sindingadule, chifukwa ndi pokhapo pamene amayi akuyang'ana kamera. Kuzimitsa mawu onse sindingathe, ng'oma zikangoti zii pakati pa gule azakhali afunsa chimene ndabisa. Ndiye ndinapeza pulogalamu yochotsa mawu a munthu mmodzi n'kusiya ng'oma ndi nyimbo, koma imafuna khadi la zithunzi lamphamvu, lija timati girafikisi. Apa m'pamene inu munalowerera. Ganizani unandibwereka Zentiro wako ukulumbira kuti alibe mnzake, Chifuniro unabwera ndi Bulakisi ukuti Zentiro ndi wa anthu odzionetsera. Khadi lililonse likufuna dalaivala wake, kapulogalamu kaja kolimvanitsa ndi kompyuta. Masiku asanu ndakhala ndikuika uyu, kuchotsa uyo, ndipo kompyuta ikangofika pa masekondi khumi aja imauma, sikirini n'kuda bii. Dzulo ndinagona ndi mkwiyo umenewo.

Ndiye m'malotomo ndinali m'shopu momwe muno ku Biwi, dzuwa lili paliwombo, koma denga panalibe. Makhadi awiri aja anali atatuluka m'kompyuta, atakhala pabenchi la makasitomala pamene mwakhala inupo, atafulatirana. Zentiro anandiyang'ana ndi mafani ake atatu omuziziritsa aja, onse akuzungulira.

"Bambo Chimbalanga," anatero, "ine m'nyumba imeneyi sindilowanso."

"Chifukwa chiyani?"

"Muli katundu wa mnzangayu. Iye munamutulutsa, koma zitenje zake munasiya. Ndikatsegula kabati, dalaivala wake ali momwemo. Ndikasuzumira pansi pa bedi, mafayilo ake. Ine ku ukwati wa mitala sindinavomere."

Bulakisi anadzuma, mafani ake akulira ngati mmene amalirira muno. "Nanga ine ndinene chiyani? Ndinapeza miphika yake ili pamoto. Dzulo ndangoti ndiyambe ntchito, dalaivala wake wandiwomba khofi."

"Ndinasesa!" ndinakuwa. "Ndinachotsa zonse katatu konse!"

"Kusesa kwa amuna," anayankha onse awiri pamodzi. Pa sabata yonseyi chimenecho chokha ndi chimene anagwirizanapo.

Mwadzidzidzi pansi pa tebulo panatuluka tonde. Tonde weniweni, wonunkha, ndevu zikukwekwereza pansi, atakoleka mahedifoni anga m'khosi. Anandiyang'ana, n'kuyasamula ngati akufuna kulira mmene mbuzi zimalirira, koma chimene chinatuluka ndi mawu anga enieni: "Amayi, tachokani kutsogoloku, mukunditchinga." Anthu odutsa mumsewu anaima n'kusuzumira. Ndinamudumphira n'kumugwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Ameneyu ndi amene mukufuna timuphe?" anafunsa Zentiro. "Kwa ine imeneyo si ntchito. Koma mundipezere dalaivala watsopano. Pitani ku ofesi."

"Ofesi yake iti?"

Sikirini inada bii, mdimawo n'kuyamba kukula, kumeza tebulo, kumeza benchi, ndiye ndinagweramo pamodzi ndi tonde wanga, ndikumugwirabe pakamwa.

Ndinakatera pakhonde la ofesi ina yaitali yopanda mawindo, pakhomo atalemba kuti Nthambi Yoona za Madalaivala a Makhadi. Mzere wake unayambira pamenepo mpaka kukazungulira msika kawiri. Aliyense anali atasenza kompyuta pamutu. Kutsogolo kwanga kunali mayi wina wa kwaya, akulira kuti m'kanema wawo watsopano oimba besi onse atuluka ndi mitu itatuitatu. Kumbuyo kwanga bambo wina ankati wajambula ukwati wonse bwinobwino, koma mkwati akungooneka nsapato zokha, ndipo akuchimuna akumusakasaka. Ndinaima pamzerepo mpaka udzu unamera m'nsapato zanga, tonde n'kumadya.

Ndiye ndinafika pa zenera loyamba. Panali mayi wa suti yotuwa, magalasi ali kunsonga ya mphuno. Ndikuyamba kufotokoza, diso lake limodzi linatembenukira kwa ine, lina kwa tonde, khungu n'kusanduka lobiriwira, kenako lapinki, kenako lobiriwiranso. Anali bilimankhwe tsopano, koma magalasi sanavule.

"Dalaivala wa mwezi uno," anatero mwaulemu, "anathetsa vuto la nkhope zobiriwira."

"Zikomo mayi, ndipatseni ameneyo."

"Koma amazimitsa sikirini."

"Ndiye ndipatseni wa mwezi watha."

"Wa mwezi watha sikirini sazimitsa ayi. Kungoti pulogalamu yanuyo saidziwa. Amati palibe anamuuza kuti kubwera mlendo."

"Nanga wa chaka chatha?"

"Aa, ameneyo anali wabwino kwambiri, bambo. Aliyense ankamukonda, sankavuta ndi pang'ono pomwe. N'chifukwa chake tinamuchotsa."

Ndinamenya chibakera pazenerapo, koma dzanja linangolowa ngati ndamenya phala. Bilimankhwe anatulutsa lilime lalitali, n'kundimata fomu pachipumi, n'kundilozera chipinda chachiwiri. Tisanafike n'komwe, tonde anali atadya theka la fomuyo.

M'chipinda chachiwiri munali bambo wonenepa, ntchito yake yotsitsa madalaivala pa intaneti. Anandipatsa moni wa manja awiri, n'kuvula jekete, ndiye pamsana pake panali chigoba. Anasanduka nkhono ndikuona, n'kukwera khoma, n'kuyamba kukwawa pamzere woyera wojambulidwa pakhomapo, kumbuyo akusiya kanjira kabuluu. Pamwamba panali manambala. Khumi. Makumi atatu. Ndinakhala pansi, ndinameta ndevu, zinameranso. Atafika pa 87 anaima, n'kutulutsa tinyanga take.

"Netiweki yapumako kaye," anatero.

"Ndiye tidikire, ikabwera mupitirize pomwepo."

"Kuno sitipitiriza, bambo. Kuno timayambiranso." Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyamba kubwerera, akunyambita kanjira kabuluu kaja mpaka kutha.

Mukuseka? Sekani, poti bandulo imene inatha Lachiwiri sinali yanu.

Mwadzidzidzi pansi panapendekeka, ine ndi tonde tinatsetsereka mpaka mu ofesi ya bwana wamkulu. Munali kapeti, mpando wozungulira ndi maluwa a pulasitiki. Bwanayo anali wa suti yakuda ndi kolala yoyera mbee, ndipo pamene amatambasula dzanja kuti andipatse moni linali phiko kale. Khwangwala. Anakhala bwino pampandopo, n'kupendeketsa mutu.

"Tamva dandaulo lanu, ndipo ndinu wofunika kwambiri kwa ife. Kodi mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?"

Amwene, mkwiyo umene unandigwira pamenepo sindinaumvepo ndili maso. Ndinamuuza kuti ndazimitsa n'kuyatsanso mpaka batani lalowa mkati. Ndinamuuza kuti ndazula mawaya, ndapukuta fumbi ndi mswachi wa mwana wanga, ndasintha makhadi kasanu ndi kawiri mpaka zala zachekekachekeka. Ndinamuuza kuti Loweruka ndi mkuja ndipo mtundu wonse ukundidikira.

"Ndiye vuto si lathu," anatero khwangwala. "Funsani amene anapanga pulogalamuyo."

"Ndinawafunsa. Akuti vuto ndi inu."

"Funsani amene anapanga kompyuta."

"Iwo akuti mwina ndi magetsi."

"Mwaona! Mwalipeza nokha vuto. Kodi thandizo lathu la lero mungalipatse nyenyezi zingati?"

Ndinatola maluwa a pulasitiki aja kuti ndimugende nawo, ndiye pochita zimenezo ndinamusiya tonde pakamwa. "Amayi, tachokani kutsogoloku, mukunditchinga," anatero tonde, mawu akumveka m'makonde onse a ofesiyo. Khwangwala anagwedeza mutu ngati dokotala, n'kudumphira paphewa langa. "Mwina wofunika kuzimitsa n'kuyatsanso ndinu," anatero, n'kundijompha pamphuno. Ndinazima.

Pamene ndimayakanso ndinali pakati pa bwalo la mpira, lodzaza mpaka ena ali m'mitengo. Mbali imodzi anavala malaya olembedwa Zentiro, mbali inayo Bulakisi, akutukwanana mitundu. Ndiye pachulu chachikulu m'mbali mwa bwalomo panali inu awiri, mutavala mataye opanda malaya, aliyense ndi maikolofoni yake.

"Okondedwa omvera," unkatero iwe Ganizani, "taonani Zentiro! Zithunzi zana limodzi ndi makumi anayi pa sekondi imodzi! Diso la munthu silingaone n'komwe!"

"Nanga ngati diso silingaone, phindu lake n'chiyani?" unkayankha iwe Chifuniro. "Bulakisi ali ndi mimba yaikulu, amasenza zambiri nthawi imodzi, ndipo akamakalamba m'pamene amakoma!"

Makhadiwo analowa m'bwalo ali aakulu ngati malole. Zentiro anangothamanga pang'ono n'kuyamba kutentha, udzu kumapsa kumene wadutsa, amayi ena n'kuthamangira kukaotcha chimanga pamsana pake. Bulakisi atayatsa mafani ake kunamveka chiphokoso choti anthu a kumidzi yozungulira anayamba kufika ndi matumba a mphale pamutu, akufunsa ngati chigayo chatsopanochi chikugaya lero. Inu awiri munazula mizimbe, n'kuidula wina wautali wina waufupi, n'kumaonetsa anthu kuti ndiwo umboni wa mphamvu za makhadiwo. Ganizani ukakweza mzimbe wako, mbali yako imakuwa. Chifuniro umati muyeso umenewo unachitika kunja kukuzizira, tiyesenso mu Okutobala.

"Anthu inu!" ndinakuwa ndili pakati pa bwalo. "Ine za zithunzi zana sindikuzifuna! Sindisewera masewera a magalimoto ine! Ndikufuna masekondi khumi okha, mundichotsere mbuzi iyi!"

Munandiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina. Kenako iwe Ganizani unati, "Funso labwino. Tiyeni tione kuti mbuzi aipha msanga ndani." Wina anaimba wezulo.

Zentiro ndiye anayamba kufika, chimpeni chili m'manja, utsi ukufuka. Anakweza mpeniwo, ine mtima n'kukhala pansi, ndiye anaima. "Tisanapitirire," anatero, "lembetsani kaye dzina, imelo, mudzi ndi mfumu. Mukatero tikutumizirani nambala yachinsinsi." Ndinalemba ndi chala padothi. Anati nambalayo yatha mphamvu ndisanailandire. Kenako anatentha kwambiri, n'kukomoka, n'kugwa chagada, chimanga cha amayi ootcha aja chili mbwee.

Bulakisi anafika mochedwa, akupuma movutikira, koma anafika. Mbali yake inaimba nyimbo, ng'oma zikugunda, malipenga akulira. Anakweza mpeni, n'kutsitsa ndi mphamvu zake zonse. Tonde sanamukhudze ndi ubweya womwe. Chimene anadula ndi ng'oma. Anadula nyimbo, malipenga, mawu a anthu, mphepo, mpaka bwalo lonse linangoti zii. "Ntchito yatheka bwinobwino," anatero Bulakisi monyadira. Ndipo m'kachetechete ameneyo tonde anakwera pamimba pa Zentiro, n'kuyeretsa kukhosi, n'kunena momveka mpaka kumitengo: "Amayi, tachokani kutsogoloku, mukunditchinga."

Anthu onse anatembenuka kuyang'ana ine. Ndiye ndinaona kuti nkhope zawo ndikuzidziwa. Uyo malume, uyo msuweni wanga wa ku Kasungu, awo amayi a mvano amene anasambitsa thupi. Bwalo linayamba kuchepa, mipando ya simenti n'kusanduka mikeka, ndipo mwadzidzidzi tinali kwathu ku Linthipe, pabwalo la nyumba ya amayi, Loweruka litakwana ine ndisanakonzeke.

Nsalu yoyera inali itamangidwa pakati pa mitengo iwiri ya mango, jenereta ikulira kuseri kwa nkhokwe. Azakhali aNachisale anakhala kutsogolo pampando wa pulasitiki, ambulera ili pamiyendo. Tiyamike anali pambali pawo ndi mwana kumsana. Ndipo pansalupo panali amayi, atauma pakati pa gule monga mmene amaumira pakompyuta iyi. Mwendo umodzi uli m'mwamba, dzanja atalitambasulira kwa ine, nkhope yobiriwira ngati nkhwani, pamwamba pa mutu wawo kagudumu kamene kamaoneka kompyuta ikauma kakungozungulira.

Maso awo okha ndi amene anayenda.

"Iwe Sautso."

Ndinagwada pafumbi, tonde ndikumukanikiza pakamwa. "Ine pano, amayi."

"Lero ndi tsiku lachisanu mwendo uwu uli m'mwamba. Nyamakazi yanga ija waiwala?"

"Si ine amayi, ndi dalaivala wa khadi."

"Ameneyo sindimudziwa. Ine ndinabereka Sautso. Nanga kumasoku wandipaka chiyani? Anthuwa abwera kudzaona ine kapena ndiwo?"

Anthu anaseka, azakhali n'kuwatonthoza ndi diso limodzi. Ine ndinayamba kufotokoza za Zentiro ndi Bulakisi, kuti wina amatentha wina amasokosa, kuti madalaivala awo sagwirizana, kuti wa mwezi uno akonza ichi n'kuwononga icho. Ndinafotokoza ngati mmene mumafotokozera inu, manja akuuluka. Amayi anandisiya mpaka malovu anandithera.

"Wamaliza? Mbuzi imene wagwirayo ndi ya ndani?"

"Ndi yanga, amayi."

"Ndiye ukuitsekeranji pakamwa?"

Ndinawauza zoona, ndikulira pamaso pa mtundu wonse. Ndinati munandiitana kuti tidzavine, ine n'kukuthamangitsani ngati ndikuthamangitsa nkhuku pa mphale. Ndinati sindinavine nanu tsiku limenelo, ndipo tsiku lina silinabwerenso. Ndinati sindikufuna abale amve kuti mwana amene munamugulitsira mbatata kuti aphunzire anakuyankhani chotero.

"Ndiye kuti abale asamve," anatero amayi, "ine ndiime ndi mwendo umodzi mpaka kubwera kwa Yesu?"

"Ndikukonza, amayi. Kwatsala pang'ono."

"Ukukonza chiyani? Makina akowo akafika apa amaima. Iwenso ukafika apa umaima. Tandiuza, chichokereni ine, unayamba waonerapo kupitirira pamenepa?"

Ndinali ndisanaonerepo kupitirira pamenepo, ndipo ndili maso pano ndikukuuzani kuti ndi zoona. Pokonza kanema wa Tiyamike chaka chija ndinadula chigawo chonsecho osachimvera n'komwe, poti amayi anatchinga mkwatibwi. Titaika maliro n'kuchipezanso, ndinkati ndikangomva mawu anga ndimaimitsa. Kenako kompyuta inayamba kundiimitsira yokha, ine n'kupeza woti ndizimukalipira.

Mwadzidzidzi kunamveka mapiko. Khwangwala uja anatera panthambi ya mango, kabokosi kali kukamwa, bilimankhwe ndi nkhono ali pamsana pake. "Uthenga wabwino!" anatero. "Watuluka dalaivala watsopano. Ameneyu amatsitsa mwendo. Kungoti amachotsa mutu, koma zimenezo tikonza mwezi wamawa." Inu awiri munatulukira kuseri kwa nkhokwe, mataye ali m'khosi, mukukangana kuti mutu ukachoka pa Zentiro umachoka mosalala kuposa pa Bulakisi. Azakhali anagwira ambulera yawo. Anaimirira, n'kukunga chitenje, n'kuyamba ndi khwangwala. Ambulera ija inagwira ntchito, amwene. Nthenga zinali ponseponse, bilimankhwe anasintha mitundu yonse imene amaidziwa, nkhono anathawa liwiro loti akanalionetsa ku ofesi kuja bwenzi tonse titathandizidwa. Inu munalandira zanu zam'miyendo, ndipo kunena zoona pamenepo m'pamene ndinakondwa m'maloto onsewa.

Fumbi litakhazikika, amayi analankhulanso, koma motsitsa.

"Mwanawe, tandisiya nditsitse mwendo. Ndimalize gule wanga."

Manja anga anali atachita dzanzi pakamwa pa tonde paja. Ndinawamasula chala chimodzichimodzi. Tonde anagwedeza ndevu, n'kunena mawu ake aja, onse, pamaso pa malume, pamaso pa amayi a mvano, pamaso pa Tiyamike. Palibe anakomoka. Kagudumu kaja kanaima, kubiriwira kunayamba kuchoka pankhope ya amayi, mwendo n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Amayi anatembenukira kwa azakhali, n'kutsegula pakamwa kuti anene kanthu, ine n'kutchera khutu ndi mtima wonse. Koma chimene chinatuluka ndi kho! kho! kho! pfuuu!

Ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, ndipo mpope wapanja unali kutsokomola, madzi akubwera atasowa masiku atatu. Mkazi wanga anali kukuwa ali kubafa: "Bambo a Mwayi, madzi! Tatchezerani ndowa asanapitenso!"

Ndinatchera ndowa pampope. Kenako ndinalowa m'nyumba, n'kutsegula chikwama, n'kutulutsa kamera yakale ija ndi kamemore kake kosungira kanema kamene ndinajambulira chinkhoswe. Kamera imeneyo sifuna Zentiro, sifuna Bulakisi, sifuna dalaivala wa munthu. Ndinakhala pakhonde n'kuonera pa kasikirini kake kaja, kochepa ngati bokosi la machesi. Amayi anabwera akuvina. Anandiitana. Ndinamva mawu anga, chala n'kuthamangira pabatani mwachizolowezi, koma ndinachikhalira.

M'kanemamo amayi amasuntha, akuvinabe, kamera n'kupita kwa mkwatibwi. Iwo saonekanso, koma ali pafupi ndi maikolofoni, ndipo amamveka akuseka mpaka kutsamwa. Kenako amati, "Alamu, mwamuona mwana wanga? Akakhala pa ntchito sadziwa ndi mayi ake omwe. Anatengera ine ameneyu." Ndipo amene akuyankha kuti, "Musiyeni agwire ntchito, tiyeni tivine ife," ndi azakhali aNachisale. Azakhali omwe ndakhala ndikuwabisira masiku asanu aja anali ataima pomwepo, anamva zonse tsiku lomwelo.

Ndinabwereza kanayi. Ndowa inadzaza n'kusefukira, madzi n'kuyenda bwalo lonse mpaka kwa aneba, mkazi wanga akukalipa, ine ndili pakhonde ndi kamera m'manja, mamina ali chuchuchu ngati mwana.

Ndiye n'chifukwa chake ndakuitanani m'mawa uno. Makhadi anu ali m'jumbo iyo pakhomopo, aliyense atenge lake, mukapitirize mkangano wanu kwina. Musandifunse kuti labwino ndi liti, onse awiri anandilephera mofanana. Loweruka ndikulumikiza kamerayi ku pulojekita mmene ilili, ndipo tonde uja akafika polira, sindimugwiranso pakamwa.